Chipuku ndi Shushushu: Liwu la Adatchi Limene Linafika ku Matero

Pa maliro a m'komboni ya Matero, usiku umakhala ndi magawo ake. Azimayi amakhala m'nyumba, pa mphasa, akuimba nyimbo za kutchalitchi, pamene azibambo amazungulira moto panja, pa masofa amene atulutsidwa kuti m'nyumbamo mupezeke malo. Nkhani zoyamba zimakhala za malemu, za mtengo wa bokosi, ndi za lole imene idzanyamule anthu kupita kumanda a ku Chingwere. Koma tulo tikayamba kulemera m'maso, chikuni chachikulu chitanyeka n'kuduka pakati, sipalephera kupezeka munthu amene msuweni wake anakumanapo ndi chipuku pa njira ya kumanda: chinthu chachitali, choyera mbee, chopanda nkhope, choyenda osaponda pansi. Anyamata amaseka, koma mipando amaisendezera kufupi ndi moto.

Kenako nkhani imakhotera ku ndale, ndipo mawu amakwera. Ndiye pa geti pamalowa bambo amene palibe akumudziwa, wovala jekete yabwino. Amapereka moni mwaulemu n'kukhala kumapeto kwa benchi, osanena kuti ndi mbale wa ndani. Mkulu wina amagunda mnzake ndi chigongono. "Basopo, akulu," amatero chapansipansi, "angakhale a shushushu awa." Za ndale zimathera pomwepo, ndipo wina amayambitsa za mpira.

Pa moto umodzi pomwepo pamveka mantha a mitundu iwiri, chipuku ndi shushushu. Chingerezi chimatchula zonse ziwirizi ndi liwu limodzi, spook, lomwe limatanthauza mzukwa komanso kazitape. Ambiri amalimva m'mafilimu n'kumaliyesa lachilendo, chonsecho linafika m'makomboni a Lusaka kalekale. Chipuku cha pa njira ya ku Chingwere ndi spook yemweyo, wangosintha katchulidwe chifukwa cha mtunda umene wayenda.

Kwawo kwa liwuli ndi ku Holland. Adatchi akhala akutchula mzukwa kuti spook kwa zaka mazanamazana, ndipo anansi awo ali ndi mawu apachibale: Ajeremani amati Spuk, a ku Sweden amati spöke. M'zaka za m'ma 1600 Adatchiwa anali eni nyanja. Zombo zawo zamalonda zinkafika kum'mawa ndi kumadzulo komwe, ndipo paliponse pamene amanga doko ankasiyapo nyumba, ana ndi mawu. Limodzi mwa madokowo linali pa chilumba cha Manhattan ku America, tauni ya New Amsterdam, imene Angerezi analanda mu 1664 n'kuitcha New York. Lina linali ku Cape, kumene Jan van Riebeeck anakocheza mu 1652 kuti akonze malo oti zombo zopita kum'mawa zizitungapo madzi ndi kutengapo ndiwo zamasamba ndi nyama. Liwu lija linatsika pa madoko onse awiri, ndipo kuchokera pamenepo linayenda njira ziwiri zosiyana kotheratu.

Ku America, Adatchi anagonja koma sanasamuke. Anakhalabe m'mbali mwa mtsinje wa Hudson akulankhula chinenero chawo kwa mibadwo ingapo, ndipo anansi awo olankhula Chingerezi ankatolako mawu. Boss, liwu limene kondakitala wa minibasi ya ku Kanyama amaitanira nalo wokwera aliyense wooneka kuti ali ndi kangachepe m'thumba, linachokera kwa Adatchi omwewa, amene ankati baas. Spook linalowera pa khomo lomwelo. Olemba madikishonale amalipeza koyamba m'Chingerezi chosindikizidwa mu 1801, m'ndakatulo yoseketsa yotsanzira kalankhulidwe ka munthu wosadziwa bwino Chingerezi, imene inatuluka m'nyuzipepala ya Massachusetts Spy. M'dzina la nyuzipepalayo muli liwu lotanthauza kazitape, koma zimenezo zinangokumana. Pa nthawiyo spook linkatanthauza mzukwa basi, ndipo linakhala choncho kwa zaka zina 140. M'zaka zimenezo linabala ana: spooky, kunena malo ochititsa nthumanzi, ndiponso mneni wonena za kudzidzimutsa, monga mmene hatchi kapena ng'ombe imachitira ikaona chinthu chimene mwini wake sakuchiona.

Tanthauzo la kazitape linabwera ndi nkhondo. Mu 1942, chaka chimene dziko la America linakhazikitsa bungwe la ukazitape la OSS mkati mwa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse, buku lina losonkhanitsa mawu a mumsewu a ku America linalemba spook monga dzina la kazitape. OSS inatsekedwa nkhondo itatha, mu 1947 panabadwa CIA, ndipo pa zaka zonse zimene America ndi Soviet Union ankayang'anizana ndi diso lofiira, atolankhani analizolowera liwuli mpaka linawoloka nyanja kupita ku Britain. Kumeneko wailesi ya kanema ya BBC inaonetsa sewero la Spooks kuyambira mu 2002 mpaka mu 2011, lonena za akazitape a MI5.

Chimene chinakwatitsa matanthauzo awiriwa n'chosavuta kuchiona. Mzukwa umakhalapo koma suoneka. Umalowa m'nyumba osaodira, n'kumva zonse zimene eni nyumba akukamba. Umadziwika ndi zizindikiro zokha: chitseko chimene chapezeka chotseguka, galu wouwa mdima wopanda kanthu. Kazitape nayenso ali ndi mayina oposa limodzi, ntchito yake siilembedwa pa chitseko, ndipo amadziwika ndi zimene wasiya m'mbuyo: kalata yofika itamatidwa kachiwiri, kapena mawu amene munthu ananong'oneza kuchipinda n'kukawamva m'kamwa mwa wapolisi. Mphamvu yaikulu ya onse awiri ndi mantha, moti sipafunika kuti akhalepodi kuti anthu atseke pakamwa.

Ku America komweko liwuli linatolanso tanthauzo lachitatu, lonyansa. M'zaka za m'ma 1940 azungu ena anayamba kuligwiritsa ntchito ponyoza anthu akuda. Wolemba wakuda wa ku Chicago, Sam Greenlee, anamanga matanthauzo onsewa mtolo umodzi m'buku lake la mu 1969, The Spook Who Sat by the Door, lonena za munthu wakuda woyamba kulembedwa ntchito ku CIA, amene anamukhazika pafupi ndi khomo kuti alendo aziona kuti bungwelo silisankha khungu. Iye anaphunzira zonse mwakachetechete n'kubwerera kwawo kukaphunzitsa anyamata a m'makwalala. Mu 2000 Philip Roth analemba The Human Stain, momwe mphunzitsi wa pa koleji ntchito imamuthera atafunsa ngati ophunzira awiri amene sabwera m'kalasi ndi anthu enieni kapena mizukwa, osadziwa kuti ophunzirawo ndi akuda. Wa ku Lusaka kapena ku Lilongwe amene akupita ku America ndi bwino adziwiretu zimenezi, chifukwa liwu limene ku London amatchulira sewero la pa TV, ku Chicago likhoza kutsegula bala.

Njira ya kum'mwera ndi imene inafikitsa liwuli kuno, ndipo inali njira ya miyendo. Ku Cape, Chidatchi chinasintha pang'onopang'ono m'kamwa mwa alimi, akapolo ndi eni dziko mpaka chinasanduka Afrikaans, chimene akuluakulu amachitcha Chibunu. Spook linatsala momwemo ndi tanthauzo lake loyamba. Anthu ogwira ntchito m'mafamu ndi m'makhitchini a Mabunu analimva n'kulikonza kuti likwane pa lilime lawo. Zinenero za kuno sizikonda s ndi p kapena s ndi t kugundana poyambira liwu, n'chifukwa chake pali supuni, sitolo ndi sukulu. Koma Azulu anachita china choposa pamenepo. Kwa iwo s woyambayo anamveka ngati mphatikiram'mbuyo wawo isi-, ndiye anati isipoki, zikachuluka izipoki. Asutu ndi Atswana anati sepoko. Liwu litawoloka Limpopo, Ashona, amene amaika chi- pamene Azulu amaika isi-, anati chipoko, monga momwe sukulu amaitchulira kuti chikoro ndi sitolo kuti chitoro. Litawoloka Zambezi linakhala chipuku, ndipo mwana wa ku Kalingalinga lero akaona zambiri amati vipuku. Mtundu uliwonse unalipatsa gulu la mayina ngati mwana wobadwira pakhomo.

Amene analinyamula ndi anthu a ulendo wa ku Joni ndi ku Halale. Kwa zaka zoposa makumi asanu, amuna a ku Chipata, Katete, Petauke, Dedza, Ntcheu ndi Tete ankapita kum'mwera, ena pansi, ena pa malole a ulere, ena polembedwa ndi Wenela, bungwe lolemba anthu a kumigodi. Pansi pa mgodi ndi m'makomboni a migodi ankalankhulana m'chinenero chosakaniza, Fanakalo, chimene ku Rhodesia ankachitcha Chilapalapa ndipo ku migodi ya ku Zambia Chikabanga. Obwerera ankafika ndi sutikesi yachitsulo, bulangeti, njinga ndi mawu atsopano. Buluku anachokera ku broek, futseki wothamangitsira galu anachokera ku voetsek. Ngakhale basopo amene mkulu uja wanong'oneza pa moto ndi pas op wa Mabunu, chenjezo limene akapitawo ankakuwa mwala ukamagwa mumgodi. Dziko la Zambia linaletsa Wenela litangolandira ufulu, ndipo Malawi anaimitsa ulendowu mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha anthu ake oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Mawu aja anatsala.

Funso lenileni ndi lakuti anthu amene anali kale ndi mzimu, mzukwa ndi chiwanda analifuniranji liwu lobwereka. Yankho likuoneka mu mmene mawuwa amagwirira ntchito. Mzimu uli ndi dzina, uli ndi mfunda, uli ndi manda amene abale amawadziwa. Ukakwiya akuluakulu amadziwa chochita: amafulula mowa, amathira nsembe ya ufa patsinde pa mtengo, kapena amatcha mwana wobadwa kumene dzina la malemuyo, ndipo zinthu zimakhala bata. Chipuku chilibe mbale. Palibe amene amachithirira nsembe, chifukwa palibe akudziwa kuti ndi cha kwa yani. Chimapezeka pa mlatho, pa njanji, pa mphambano, m'nyumba ya lendi imene anthu sakhalitsamo. Ndi mzukwa wa m'tauni, wa m'dziko la matchona, kumene munthu ankafa kutali ndi kwawo n'kuikidwa ndi anthu osadziwa ngakhale dzina la mfumu yake. Imfa yotereyi inali yatsopano, ndipo inafuna dzina latsopano.

N'chifukwa chake tauni iliyonse ya m'njira ya matchona ili ndi chipuku chake chotchuka, ndipo kawirikawiri ndi mkazi wokongola woima yekha usiku. Ku Soweto amasimba za Vera, ku Highfield mu Harare za Peggy, ku Zambia za Rosemary. Nkhani zawo zimafanana: mwamuna amamutenga pa galimoto kapena ku bala, amamubwereka jekete chifukwa cha kuzizira, ndipo m'mawa amadzuka ali pa manda, kapena amakapeza jekete yake itayalidwa pa mtumbira. Pansi pa nthanoyi pali mantha enieni a munthu wa m'tauni, oti amene wakhala naye pa mpando umodzi sakumudziwa kumene wachokera.

Makomboni a Lusaka anamangidwa ndi anthu oterewa. Mzindawu utakhala likulu mu 1935, obwera kudzafuna ntchito ankamanga zisakasa pa malo a azungu ndi amalonda, ndipo mayina a eni malowo anamatirira: George, John Laing, John Howard. Misisi ndi mayi wachizungu amene antchito ankangomuti misisi, ndipo Chawama kale inkatchedwa Roberts. Mchewa, Mnsenga, Mbemba, Mtonga ndi Mlozi anapezeka akutunga madzi pa mpope umodzi, aliyense atasiya manda a makolo ake kutali. Malo otere zipuku sizichedwa kuchuluka. Akazitape nawonso ndi momwemo.

Chichewa sichinasowepo dzina la munthu wofufuza za eni ake mobisa. M'Buku Lopatulika, amene Mose ndi Yoswa anawatuma ku Kanani anapita kukazonda dziko. Kazitape ndi liwu lodzifotokoza lokha, chifukwa ndi lamulo limene wotumayo amapereka: pita ukazitape, monga mmene munthu amatapira ufa m'dengu la mwini wake. Koma mawu awiri amene anthu a m'makomboni anawaopa kwambiri anabadwa m'ndale za zaka za m'ma 1900.

Loyamba ndi kapirikoni. Mu 1949 msilikali wa ku Scotland, David Stirling, amene pa nkhondo anayambitsa gulu la asilikali apadera la SAS, anakhazikitsa bungwe la Capricorn Africa Society. Bungweli linkalalikira kuti azungu, amwenye ndi anthu akuda alamulire pamodzi, koma voti izipatsidwa poona maphunziro ndi chuma cha munthu. Mu Juni 1956 linachititsa msonkhano waukulu ku Salima, m'mbali mwa nyanja. Kwa anthu amene ankalimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhalapo kuyambira 1953 mpaka 1963, zimenezi zinali nyambo yoti munthu wakuda wophunzira asiyane ndi abale ake. Wakuda wolowa bungwelo ankamuona ngati wogulitsa anzake, ndipo posakhalitsa aliyense woganiziridwa kuti amatengera nkhani kwa atsamunda ankatchedwa kapirikoni, ngakhale asanamvepo za Stirling. Ku Matero, kumene chipani cha UNIP chinali ndi likulu lake m'masiku oyambirira, ndi ku Chilenje, kumene Kenneth Kaunda ankakhala m'nyumba nambala 394, dzina limeneli linkatha kumusowetsa munthu pogona. Bungwelo linatha kalekale, koma mpaka lero Achewa amatchula wachinyengo wodya uku ndi uku kuti kapirikoni.

Lachiwiri ndi shushushu. Khutu limamva lokha kuti ndi phokoso la manong'onong'o, komanso la munthu amene akuuza mnzake kuti atonthole. Ndi dzina limene anthu anapatsa a nthambi ya ukazitape wa boma, imene ili pansi pa ofesi ya pulezidenti, ndipo ambiri amangoti a OP. Likulu lawo anthu ankalitcha Red Brick chifukwa cha njerwa zake zofiira, ndipo dzinalo ankalitchula motsitsa mawu. Kuyambira mu Disembala 1972 mpaka mu 1991 dziko la Zambia linali la chipani chimodzi, ndipo malamulo a nthawi ya ngozi ankalola boma kutsekera munthu osamuzenga mlandu. M'komboni, chipani chinali ndi tcheyamani pa kagawo kalikonse ka nyumba zowerengeka, amene ankadziwa mlendo aliyense wogona kumeneko. M'thaveni, m'basi ya UBZ, pa mzere wodikira ufa, sopo kapena mafuta ophikira, munthu ankayamba wacheuka asanadandaule. Ndi ochepa amene anaonapo shushushu ndi maso n'kutsimikiza, koma aliyense ankadziwa wina amene akuti anatengedwa.

Tsono pano mzukwa ndi kazitape amasiyana, ndipo kusiyanako n'kwa magazi. Lusaka wa zaka zimenezo anali mudzi wa omenyera ufulu a mayiko ozungulira: ANC ya ku South Africa, ZAPU ndi ZANU za ku Zimbabwe, SWAPO ya ku Namibia ndi ena. Sankakhala m'misasa yokha. Ankachita lendi ku Lilanda, ku Chilenje, ku Mtendere, kugula tomato pa msika umodzi ndi eni dziko, ena mpaka kukwatira komweko. Kumene iwo anali, adani awo ankatumako maso. M'mawa wa pa 18 Malichi 1975, bomba lotcheredwa m'galimoto ya Volkswagen linapha Herbert Chitepo, tcheyamani wa ZANU, pakhomo pake ku Chilenje South, pamodzi ndi mlonda wake ndiponso mwana wa pa nyumba yoyandikana nayo. Bungwe lofufuza limene boma la Zambia linakhazikitsa linati imfayo inachokera m'mikangano ya m'chipani chake, koma patapita zaka anthu a ukazitape wa Rhodesia anati anatchera ndi iwo, ndipo olemba mbiri akukanganabe. Pa 22 Januwale 1977 Jason Moyo wa ZAPU anafa mu Lusaka atatsegula phukusi limene munali bomba. Pa 19 Okutobala 1978 ndege za Rhodesia zinaphulitsa msasa wa Chikumbi kumpoto kwa mzindawu n'kupha anthu mazana. Mu Epulo 1979 asilikali a SAS ya Rhodesia, mphukira ya gulu lija la Stirling, analowa mu Lusaka usiku pa magalimoto n'kugumula nyumba ya Joshua Nkomo, pafupi ndi State House. Mwini wake sanamupezemo.

Amalawi othawa ulamuliro wa Kamuzu Banda nawo sankagona tulo. Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera anagwidwa chakumalire a Chipata pa nyengo ya Khirisimasi ya 1981 n'kukawatsekera ku Malawi, kumene Orton anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mu Okutobala 1989 nyumba ya mtolankhani Mkwapatira Mhango mu Lusaka inaponyeredwa bomba la moto usiku, ndipo iye anafa pamodzi ndi akazi ake awiri ndi ana. Ambiri analoza chala akazitape a boma la Malawi. Kuti bomba lifike pa nyumba yoyenera, pamafunika wina amene anayenda m'njirayo masana, n'kuwerenga zitseko, mwinanso kupereka moni kwa ana osewera panja. Mantha a mkulu uja pa moto wa maliro ali ndi pochokera, ndipo si oyenera kuwaseka.

Koma mantha omwewo analuma ndi osalakwa omwe. Mabomba a 1978 atagwa, anthu okwiya anagwira ndi kumenya azungu ndi alendo ena m'misewu ya pakati pa Lusaka powaganizira ukazitape. Mu 1981 ANC inatulukira gulu la akazitape a boma la tsankho pakati pa anthu ake, ndipo kusesa kumene kunatsatira kunatchedwa Shishita, dzina lobwerekedwa kwa anthu a m'makomboni, amene amatchula choncho apolisi akamagwira oyenda usiku. Ena mwa ogwidwawo analidi akazitape. Ena sanali, koma anatumizidwabe ku ndende ya Quatro ku Angola, ndipo mabungwe ofufuza amene ANC yomweyo inakhazikitsa mu 1992 ndi 1993 anavomereza kuti kumeneko anthu anazunzidwa. Kutchedwa kazitape kumafanana ndi kutchedwa mfiti. Umboni sufunika, ndipo kukana kumangowonjezera mlandu, chifukwa anthu amati kazitape weniweni ndiye amadziwa kukana. M'makomboni muli anthu amene anakalamba anzawo akuwatalikira, chifukwa chakuti anali ofatsa, ankavala bwino, ndipo palibe ankadziwa kumene amagwira ntchito. Ili ndi bala limene ulamuliro wa manong'onong'o umasiya, ndipo limachedwa kupola kuposa makoma ogumulidwa ndi bomba.

Ulamuliro wa chipani chimodzi unatha ndi chisankho cha pa 31 Okutobala 1991, koma liwu la shushushu silinapite nawo. Lero makutu ambiri ali m'thumba. Simu khadi iliyonse imalembetsedwa ndi chiphaso cha mwini wake, mu 2021 boma linakhazikitsa lamulo loyang'anira za pa intaneti limene linadzetsa mkangano waukulu, ndipo pa tsiku la chisankho, pa 12 Ogasiti chaka chomwecho, WhatsApp ndi Facebook zinatsekedwa m'dziko lonse. Anyamata a ku Chawama amene sanaonepo mzere wa ufa amadziwa kuti pa gulu la WhatsApp la anthu 200 pakhoza kukhala nambala imodzi yopanda chithunzi, imene siilemba kanthu koma imawerenga zonse. Dziko lililonse lili ndi akazitape, ndipo dziko limene linazunguliridwa ndi adani monga Zambia linkawafunadi. Chofunika n'chakuti adziwike amene amawalamula, malire a ntchito yawo, ndi khoti limene munthu wolakwiridwa angapiteko. Popanda zimenezi, mlonda wa dziko amasanduka chinthu cha pa njira ya kumanda, chimene aliyense amachiopa koma palibe angachifunse.

Adatchi a ku Hudson ndi a ku Cape sakanalota kuti liwu lawo lidzagawika chonchi, theka n'kukhala dzina la anthu a CIA, theka lina n'kumaopsezera ana a ku George kuti asatuluke usiku. Ku Lusaka mbali ziwirizi sizinakumanenso m'liwu limodzi. Palibe amene amatcha wa OP kuti chipuku. Zimakumana pa chinthu china: onse awiri ndi anthu opanda kwawo kodziwika, ndipo kwa Mchewa munthu amayamba kukhala munthu akatchula mudzi wake, mfumu yake ndi mfunda wake.

Kukacha, lole imafika ndipo anthu amapita ku Chingwere. Bokosi likatsitsidwa, amuna amalandirizana fosholo, aliyense kuponya dothi kangapo n'kupatsa mnzake. Bambo wa jekete uja amaivula, amaipachika pa mtanda wa manda oyandikana nawo, n'kulandira fosholo nthawi yake ikakwana. Mkulu amene anagunda mnzake ndi chigongono usiku uja amamuyang'ana akukwirira mpaka thukuta kutuluka, ndipo pobwerera ku lole amamuyandikira n'kufunsa funso limene palibe analifunsa pa moto.

"Pepani akulu, sitinadziwane usiku. Kwanu n'kuti?"

"Kwathu n'ku Katete, kwa a Kawaza. Ndine Phiri. Malemuwa tinkagwira nawo ntchito ya ulonda ku mafakitale, zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinachedwa kufika chifukwa ndinkadikira wondilandira pa geti."

"Ooh, a Phiri! Ndiye ndinu amalume anga. Kwerani kuno kutsogolo, kumbuyoko kuli fumbi."